KODI TIMVERE MTIMA KAPENA MUTU?

 Usiku uno ndifuna kuti ticeze za cinthu cimene aliyense wa ife anakomana naco. Munthu afuna kukwatira, kapena kusiya nchito, kapena kugulitsa nyumba ndi kubwerera kumudzi. Akhala pansi nalingalira zonse bwino-bwino, ndipo kulingalirako kumuuza kuti apite. Koma m'kati mwace muli kaliu kena kamene kalikuti, "Iai, usapite." Tsiku lina zitembenuka: mtima ndiwo ulikuthamangira kutsogolo, mutu ulikuukoka malaya. Nanga pamenepo munthu amvere uti?

Ena ayankha msanga kuti mtima sunama. Ena ati mtima uli ngati mwana, ulirira ciri conse cimene waona, ndipo munthu wamkuru ayenera kuuletsa. Ine ndiyesa kuti onse awiri aphonya. Tisanafunse ngati timvere mtima, tiyenera kuyamba taufunsa mtimawo kuti, "Kodi zimene ulikundiuzazi unaziphunzira kuti?"

Tiyambe ndi cinthu cimene inu a pansi pa mgodi mucidziwa kuposa ine. Miyala ikaomberedwa, utsi ndi kutha, anthu saloledwa kungolowa ndi kuyamba nchito. Ayamba walowa munthu wozolowera, atanyamula citsulo cacitali, nagogoda denga ndi zipupa. Mwala wolimba ulira momveka ngati belu. Mwala umene walekana ndi unzace ulira mogonthera, ngati ng'oma yakale, ndipo umenewo ayenera kuugwetsa usanagwere munthu. Inu amai mucita cimodzi-modzi pamsika pogula mbiya: muigogoda ndi cala, ndipo kulira kwace kukuuzani za mng'alu umene maso sauona.

Mnyamata wolembedwa dzulo akagogoda, kwa iye miyala yonse ilira mofanana. Koma patapita zaka khumi kapena makumi awiri, munthu yemweyo nthawi zina aima asanagogode n'komwe, nati kwa anzace, "Pano sipanandikondweretse, bwererani." Mukamfunsa cimene waona, akanika kucichula. Angoti thupi lace lakana. Kodi ndi matsenga? Iai. Kapena khutu lace lamva mtengo wocirikiza denga ulikulira pang'ono, kapena diso lace laona kapfumbi kalikugwa pamene dzulo panalibe, kapena madzi alikudontha pamalo acilendo. Zinthu izi anaziona kambiri-mbiri, ndipo anaona zimene zinatsatapo. Tsono mtima wace uzizindikira msanga, pakamwa pace pasanapeze mau.

Ku America kuli munthu wophunzira za maganizo a anthu, dzina lace Gary Klein, amene anayamba m'caka ca 1985 kufunsa akapitao a ozima moto m'mene asankhira cocita pamene nyumba irikupsa. Iye anayesa kuti kapitao aika njira ziwiri kapena zitatu patsogolo pace nazilinganiza. Akapitaowo anamuuza kuti nthawi zambiri sacita tero, koma angoona cocita nacicita. Mmodzi wa iwo anamsimbira nkhani iyi. Tsiku lina analowa ndi anthu ace m'nyumba yaing'ono m'mene moto unaoneka ngati uli kophikira. Anathira madzi, moto osazima. Anathiranso, cimodzi-modzi. Anabwerera pang'ono m'cipinda cocezeramo, ndipo mwadzidzidzi kapitao anapfuula kuti onse aturuke, iye mwini osadziwa cifukwa cace. Atangoturuka, pansi pamene anaimapo panagumuka. Nyumba zambiri za kumeneko ziri ndi cipinda kunsi kwace, ndipo moto weni-weni unali m'menemo, pansi pa mapazi ao.

Kapitaoyo anakhulupirira kuti ali ndi mphatso yoona za m'tsogolo. Koma Klein atamfunsitsa, zinaturuka zinthu zitatu. Moto waung'ono wotere ukadayenera kugonja ndi madzi, koma sunagonje. M'cipindamo munatentha kopambana msinkhu wa moto umene anauona. Ndipo moto wotentha cotero ukadayenera kucita mkokomo, koma munali zii. Zonse zitatu anazimva m'thupi, ndipo zinatsutsana ndi moto uli wonse umene anauzimapo. Tsono cimene ticicha mau a mtima, kawiri-kawiri ndico cikumbukiro ca zimene tinaona kale, cimene cifika msanga koma osanena kumene cacokera.

Mukamva izi mungati nkhani yatha, tizingomvera mtima. Taimani pang'ono, ndikufunseni funso, ndipo muyankhe msanga. Khasu ndi mpini wace, zonse pamodzi, mtengo wace ndi K110. Khasu liposa mpini ndi K100. Nanga mpini ndi ndarama zingati?

Ndidziwa kuti ambiri a inu mwayankha kale kuti K10, ndipo mwayankha mosakaika konse. Koma taonani: mpini ukakhala K10, khasu loposa ndi K100 likhala K110, ndipo zonse pamodzi zikhala K120. Yankho loona ndi K5, khasu K105. Musacite manyazi. Funso lofanana ndi limeneli, lonena za mpira ndi ndodo yomenyera mpirawo, linafunsidwa ndi Shane Frederick kwa ophunzira a m'masukulu akuru ochuka a ku America, monga Harvard ndi Princeton, ndipo oposa theka anaphonya monga mwaphonyera inu. Cimene ndifuna kuti mugwire ndi ici: yankho lolakwa lija linafika mumtima mwanu ndi mphamvu yomweyo imene liu lija linafika nayo kwa kapitao wa moto. Mtima ukalasa ndi pamene waphonya, kumveka kwace n'kumodzi.

Daniel Kahneman, amene analandira mphoto ya Nobel m'caka ca 2002 namwalira mu 2024, anatha zaka zambiri alikusonkhanitsa zophonya zotere za mtima. Iye anaphunzitsa kuti mwa munthu muli njira ziwiri zoganizira. Ina ndi yacangu, igwira nchito yokha popanda kuiitana, monga pamene muzindikira liu la mwana wanu pakati pa ana ambiri. Ina ndi yocedwa ndi yotopetsa, monga pamene muwerengera malipiro anu a mwezi ndi zonse zimene acotsapo. Yaciwiriyi ndi yaulesi. Yoyamba ikapereka yankho looneka bwino, iyo ingobvomereza osayang'ananso.

Kotero panali anthu awiri ophunzira, wina wotama mtima, wina woukaikira. M'malo mokangana m'manyuzi, anagwirizana zofufuza pamodzi kumene asiyana, ndipo m'caka ca 2009 analemba pamodzi zimene anapeza. Anapeza kuti sasiyana kweni-kweni. Onse awiri anabvomereza kuti mau a mtima akhulupirika pakakhala zinthu ziwiri. Coyamba, nchitoyo ikhale ya zinthu zobwereza-bwereza, zimene zizindikiro zace sizisintha-sintha. Caciwiri, munthuyo akhale atazicita nthawi yaitali, ndipo nthawi zonse ankaona msanga ngati analasa kapena anaphonya. Anaonjezanso kuti kulimba mtima kwa munthu si umboni wakuti walasa.

Wogogoda denga uja ali nazo zonse ziwiri. Agogoda tsiku ndi tsiku, ndipo mwala umuyankha pomwepo: akaukanganula ugwa, kapena ukana. Koma ngakhale pa mgodi pomwepo khutu liri ndi malire ace. Akuru a ku Mufulira akumbukira usiku wa pa 25 September 1970, pamene matope otsala posenga miyala, amene ankataidwa pamwamba pa nthaka, anaboola pansi nalowa mu mgodi, napha anthu 89. Pakati pa anthu amenewo panali odziwa bwino kulira kwa mwala. Koma ngozi yotere sanaionepo ndi kale lonse, ndipo panalibe pamene mtima ukadaiphunzirira. Ngozi ya mtundu umenewo ipewedwa ndi kupima, kuwerengera ndi kulemba, nchito yocedwa ya mutu.

Apa ndipo pagona nkhani yathu ya usiku uno. Zosankha zazikuru za moyo zifanana kwambiri ndi usiku uja kuposa kugogoda kwa tsiku ndi tsiku. Kodi munthu akwatira kangati kuti mtima wace uzolowere kusankha mkazi? Alandira kangati ndarama zopumira nazo nchito? Kamodzi, kapena kawiri. Ndipo yankho silifika pomwepo monga mwala ucitira. Lifika patapita zaka zisanu kapena khumi, litasakanizika ndi mvula, matenda ndi mitengo ya zinthu, kotero kuti munthu sangathe kudziwa bwino ngati analakwa ndiye kapena linali tsoka cabe. Onaninso za mkuwa umene tidyerapo. Mu July 2008 mtengo wace ku London unayandikira madola 9,000 pa tani imodzi. Munthu amene anatenga ngongole mwezi umenewo, mtima wace unamuuza kuti nchito njokhazikika, pakuti zaka zingapo zapambuyo zinali zabwino. Pofika December caka comweco mtengo unatsika kufika pansi pa madola 3,000, ndipo kuciyambi kwa 2009 mgodi wa ku Luanshya unali utaima. Mtima uyesa kuti mawa lidzafanana ndi dzulo, cifukwa dzulo ndilo lokha uli nalo.

Nanga tsono tiutaye mtima, titsale ndi mutu wokha? Ngakhale tikadafuna, sizikadatipindulira. Dokotala wina wa matenda a ubongo, Antonio Damasio, wobadwira ku Portugal, analemba m'caka ca 1994 za odwala amene anaonongeka kacigawo ka ubongo kamene kali kuseri kwa mphumi, pamwamba pa maso. Anthu amenewa nzeru zao zinatsala zonse: ankawerenga, ankakumbukira, ankalankhula bwino. Cimene cinazirala ndi kumva kwa mumtima, monga mantha, cisoni ndi cikondwerero. Munthu angayese kuti otere adzasankha bwino kopambana ife tonse, popeza palibe cowasokoneza. Koma zinali zosiyana. Mmodzi anataya nchito, nalowa malonda ndi munthu wosakhulupirika, nataya cuma cace conse ndi banja lomwe. Wina, dokotala atamfunsa kuti asankhe limodzi la masiku awiri lakuti adzabwerenso kucipatala, anatha pafupi-fupi theka la ora alikuchula ubwino ndi kuipa kwa tsiku liri lonse, za nyengo ndi za maulendo ena, osafika pa mapeto. Dokotala atatopa namsankhira, iye anangoti cabwino. Mutu utha kundandalika zifukwa kufikira dzuwa kulowa, koma sudziwa cimene cilemera kuposa cinzace ngati mtima sunauuze.

Kotero ndiona kuti mtima ulankhula mau a mitundu iwiri, ndipo ife tiwasokoneza. Nthawi zina ulikulosera: "Malonda awa adzayenda," "Munthu uyu sadzandinyenga." Nthawi zina ulikunena cimene ufuna: "Sindifuna kukalambira m'tauni," "Ndifuna ana anga akule pafupi ndi ambuye ao." Pa kulosera, mtima uyenera kuonetsa kumene unaphunzira, ndipo ukalephera, mutu utenge nchitoyo. Koma pa kufuna, palibe katswiri woposa mtima wanu, ndipo palibe masamu amene angakuuzeni kuti mulakwa pokonda kwanu.

Pali njira yakale yothandiza kulekanitsa ziwirizi. M'caka ca 1772 Joseph Priestley, mbusa wa mpingo ku Leeds, anaitanidwa ndi Lord Shelburne kuti asiye nchito yace akasunge mabuku a mkuruyo, pa malipiro a mapaundi 250 pa caka. Anasowa cocita, nalembera bwenzi lace Benjamin Franklin. Franklin anayankha kuti sangamuuze coti asankhe, koma angamuuze m'mene iye mwini asankhira. Anati bvuto lathu ndi lakuti zifukwa zonse sizibwera m'mutu nthawi imodzi: lero zibwera zobvomereza, mawa zokaniza, zoyamba zija zitaiwalika, ndipo munthu angopepuka uku ndi uku. Cifukwa cace iye ankatenga pepala, nalemba mzere pakati, mbali ina zobvomereza, mbali ina zokaniza. Sankalemba zonse tsiku limodzi, koma masiku atatu kapena anai, ciri conse pamene cafika m'mutu. Pambuyo pace ankafafaniza ziwiri zolemera mofanana, cina uku cina uku, kufikira aone mbali imene yatsala, nadikiranso tsiku limodzi kapena awiri asanatsimikize. Priestley anailandira nchitoyo, ndipo ali komweko, mu 1774, anapeza mpweya uja wa okosijeni umene mbiri yace ikumbukidwa nao.

Onani kuti pepala la Franklin silicotsa mtima pa nchito. Ndani anena kuti cifukwa ici cilemera mofanana ndi ico? Ndi mtima. Pepala lingoumiriza mtima kuti uone zonse pamodzi, ndi kuti uzione masiku angapo, osati usiku umodzi wokha pamene munthu wakwiya ndi kapitao wace kapena wakondwa ndi mowa.

Charles Darwin, amene ana anu amva dzina lace kusukulu, anacita zotere mu 1838, ali ndi zaka 29, pofuna kudziwa ngati akwatire. Pepala lace likalipo mpaka lero, ndipo liseketsa. Ku mbali ya kusakwatira analemba ufulu wopita kumene afuna, kuceza ndi anthu anzeru, ndarama zogulira mabuku, ndi kusaumirizidwa kukaona acibale. Ku mbali ya kukwatira analemba ana, bwenzi la pa ukalamba, ndi wosamala nyumba, naonjezapo dandaulo la nthawi imene idzatayika. Mukawerenga mizere cabe, simungadziwe mbali yopambana. Koma kunsi kwa pepala munthuyo analeka kuwerenga, nayamba kudziona yekha m'maganizo: moyo wonse ali yekha-yekha m'nyumba yautsi ya ku London, alikungogwira nchito ngati njuci. Pamenepo mtima unakana ndithu, ndipo anatsimikiza zokwatira. Mu January 1839 anakwatira Emma Wedgwood, mwana wa amalume ace, msuweni weni-weni monga mwa kuwerenga kwathu. Anabala ana khumi, nakhala pamodzi zaka 43 kufikira imfa yace mu 1882. Pepala silinamsankhire mkazi. Linangomuonetsa cimene ankaopa koposa.

Tsopano tibwere kwathu, tiyerekeze munthu amene wagwira nchito pa mgodi zaka 25, ndipo walandira ndarama zace zonse nthawi imodzi, zocuruka kuposa zimene anagwirapo m'manja cibadwire. Mnzace amuuza kuti kuli basi yaing'ono yotsika mtengo, koma ogula ngambiri, ayenera kulipira lisanafike Loweruka. Mtima wace ulumpha. Adziona kale ali mwini galimoto, dalaivala alikubwera madzulo ali onse ndi ndarama.

Munthu ameneyu ayambe wafunsa mtima wace funso lija: unaphunzira kuti za mabasi? Zaka 25 unaphunzira miyala, ndipo pa miyala palibe angakutsutse. Koma basi sunaiyendetsepo ngakhale tsiku limodzi. Apa pali msampha umene ugwira makamaka anthu aluso: popeza mtima wao unawapulumutsa kambiri pa nchito yao, ayesa kuti udzawapulumutsa pali ponse. Tsono atenge pepala. Mtima uwerenga masiku 30 pa mwezi. Pepala licotsapo masiku amene galimoto idzagona kugalaja, ndi masiku amene dalaivala adzabwera ndi nkhani m'malo mwa ndarama. Mtima uwerenga zolowa. Pepala lilemba matayala, inshuwalansi, misonkho ya pa mseu, ndi injini imene tsiku lina idzafuna kuphwasulidwa yonse. Ndipo manambalawo asawatenge kwa wogulitsa. Apite pa siteshoni akafunse eni mabasi atatu kapena anai, ndipo koposa onse afune-fune munthu amene anali nayo basi naitaya, pakuti amene zinawayendera bwino aoneka pamseu, koma amene zinawakanika akhala cete kunyumba. Akuru anati safunsa anadya phula.

Klein yemwe uja anaphunzitsa kanjira kena kamene ndikakonda kwambiri. Musafunse kuti, "Kodi cingalakwike n'ciani?" pakuti munthu wokondwa ayankha kuti palibe. Koma munene cotere: "Caka catha, basi ija yaima pa miyala kuseri kwa nyumba, ndarama zatha. Cinacitika n'ciani?" Ndipo yense wa m'nyumba anene cifukwa cimene aganiza. Mudzadabwa kumva zimene amai a m'nyumba anali nazo mumtima masiku onsewa, koma ankaopa kuziturutsa kuti angaoneke ngati okhumbira mwamuna wao zoipa.

Palinso kusiyana kwina kumene ndifuna muziyang'anira. Mtima ukati "Ima," kuumvera sikudya ndarama zambiri. Kapitao wa moto akadakhala kuti analakwa, akadangotaya mphindi zowerengeka panja, nalowanso. Woturutsa anzace pansi pa denga lokaikitsa akalakwa, ataya ora limodzi la nchito. Koma mtima ukati "Fulumira," ndipo cinthuco ciri cosabwezeka, pamenepo kulakwa kwace kudya zaka 25. Cifukwa cace ine ndimvera msanga mtima wondiletsa, koma wondifulumiza ndiugoneka masiku angapo. Ocenjera amene adya ndarama za anzao adziwa bwino zimenezi. Ndico cifukwa cace malonda ao onse atha Loweruka, ndipo cimene acikana koposa ndico kuti mukafunse kunyumba. Basi yabwino ikapita, kudzabwera ina mwezi wamawa. Nyumba si tero. Ambiri a inu munagula nyumba za mgodi zimene munali kukhalamo, pamene zinagulitsidwa kwa anchito kumapeto a zaka za m'ma 1990, ndipo mudziwa kuti mwai wotere subwera kawiri. Nyumba mungaiike wolipira lendi caka cimodzi mukali kuyesa moyo wina. Mukaigulitsa, khomo latsekeka.

Koma nisanamizire mtima woletsa kuti ulasa nthawi zonse. Nthawi zina kukana kwace ndi mantha cabe a cinthu cacilendo, mantha omwe aja munali nao tsiku loyamba kutsika m'cikwepe ca mgodi, amene anatha patapita sabata. Njira yowasiyanitsa ndiyo imene Klein anacita ndi kapitao uja: kuufunsitsa mtima kufikira uchule cimene waona. Mukapeza kuti wogulitsa anasintha mau pa za mapepala a galimoto, kapena kuti mnyamata wofunsira mwana wanu anayankha mai wace mwacipongwe inu mulikumva, pamenepo mtima waona cinthu ceni-ceni, cilembeni pa pepala. Pakuti pa kuzindikira anthu tonse tinaphunzira kuyambira ubwana, ngakhale kuti pamenepanso cikome-kome ca mkuyu cinanyenga ambiri. Koma mukafunsitsa masiku atatu osapeza kanthu koma kuti "sindinacitepo," dziwani kuti ndi mantha a ulendo woyamba.

Makolo athu anali ndi njira yao yothandiza pa zinthu zobwera kamodzi. Mnyamata akwatira kamodzi, koma nkhoswe yaona maukwati makumi-makumi, yaona ciyambi cace ndi mapeto ace, ndipo yaweruza milandu ya m'nyumba usiku ndi usana. Zinthu ziwiri zija anazichula Kahneman ndi Klein, kubwereza ndi kuona zotsatira, mnyamata alibe, koma nkhoswe iri nazo. Potuma ankhoswe, mnyamata abwereka mtima wophunzira kale. M'tauni muno amalume ali kutali, ndipo ambiri asankha okha zinthu zimene kale zinkasankhidwa ndi anthu asanu. Koma ofanana ndi ankhoswe sanathe. Alipo akuru a mpingo, alipo anzanu amene anapuma nchito zaka khumi zapitazo. Muwafunse zimene anaona zirikucitikira anthu, osati cimene iwo akadafuna, pakuti kufuna n'kwanu.

Titsirize ndi munthu wathu uja. Tinene kuti pepala lamuonetsa kuti basi siidzabweza ndarama zace, ndipo waileka. Koma polemba-lemba wapeza cina: sanali kufuna basi kweni-kweni, ankangoopa kukhala pakhonde wopanda cocita, anzace alikupita ku nchito. Ndipo pansi pa manthawo pali cifuniro cakale, ca kubwerera kwao ku Katete kapena ku Petauke, kukalima ndi kuweta ng'ombe. Cifuniro cimeneco palibe angacitsutse. Koma mudzi umene uli mumtima mwace ndi mudzi wa masiku a chuthi, wa mwezi wa June, nkhokwe zitadzaza, acibale alikumphera nkhuku. Mtima sunagonepo kumeneko mwezi wa February kwa zaka 25. Tsono asanagulitse kanthu, apite iye ndi mkazi wace mvula iri pakati, akakhale miyezi iwiri. Akaone mseu m'mene ukhalira mitsinje itadzaza, akayende yekha mtunda wa kucipatala, akafunse mtengo wa thumba la feteleza ndi wa thumba la cimanga pokolola, akagwire khasu m'mawa uli wonse aone ngati msana ubvomera. Akamvenso amai, amene mwina anabadwira ku Kitwe ndipo mtondo anauona kwa eni. Pobwerako adzapeza pepala lija m'kabati momwe analisiya, ndipo adzaona yekha mizere yofunika kufafaniza ndi imene yalemera kuposa kale.

Nthawi yathu yatha. Inu olowa nchito ya usiku, muyende bwino. Otsala nonse, gonani bwino.